Lipoti la msonkhano wa kawerengedwe ka dump ya CICS

Anzanga nonse a m'gulu lathu,

Ndabwerako bwino kumsonkhano munandituma kuja, zikomo pondikhulupirira. Masiku onse awiri nkhani inali imodzi, kuwerenga dump (chithunzi cha zimene zinali mu memory pulogalamu ikagwa) ya CICS, pulogalamu yoyendetsa ntchito pa makompyuta akuluakulu a mainframe, ndipo ndabwerako mtima uli m'mwamba. Ife pulogalamu ikagwa usiku timathamangira kudzutsa region, chigawo cha makina chimene CICS ikuyendamo, kuti ndalama za anthu ziyambenso kuyenda, dump n'kungoisiya mpaka ifufutike. Potero timataya mboni yokhayo imene inaona ngozi ikuchitika.

Za mbiri aphunzitsi sanachedwepo: CICS ndi ya IBM, inayamba kugulitsidwa mu 1969, ndipo amaikonzera ku Hursley, ku England. Anangotsindika kusiyana kwa transaction dump, yojambula ntchito imodzi yokha imene yagwa, ndi system dump, yotenga region yonse, imene timaitsegula ndi chida chowerengera dump chotchedwa IPCS.

Kenako anatipatsa aliyense dump ya ASRA kuti tipeze chapha pulogalamu. ASRA ndi uthenga wa CICS umene umangokuuza kuti pulogalamu yapunthwa, chifukwa chake umakachipeza mu PSW, manambala a mu dump osonyeza pamene makina anafika. Yanga inali ndi nambala 0007, data exception (kuwerengetsera chinthu chimene si nambala), yomwe ija a batch amaitcha S0C7. Apa mumvetsetse, chifukwa ine panandidyera theka la ola: adiresi ya mu PSW imaloza lamulo lotsatira, osati limene lalephera. Umabwerera m'mbuyo ndi kutalika kwa lamulolo, n'kuchotsapo adiresi yoyambira pulogalamu, ndipo chotsalacho ndicho umakachisaka mu listing ya COBOL, chikalata chosonyeza mizere ya pulogalamu ndi maadiresi ake. Chinandifikitsa pamzere wophatikiza ndalama. Nditayang'ana malo a COMP-3 (kasungidwe ka manambala mu COBOL) osungira ndalamazo, ndinapeza 40 40 40 40. Nambala yabwinobwino imathera ndi C, D kapena F, pomwe 40 mu EBCDIC, kalembedwe ka zilembo ka makinawa, ndi mpata chabe. Wolemba pulogalamu sanaikemo ziro poyamba, makina n'kuuzidwa kuti aphatikize mipata. Chinthu chimene ife tikanachitcha matsenga chinali poyerayera, m'mabaiti anayi.

Komatu zonsezi zimatheka ngati listing ili ya pulogalamu yomweyo imene ikuyenda. Ikakhala ya compile ina (compile ndi kusandutsa pulogalamu kuti makina aimve), ufika pamzere wosalakwa n'kumakonza zosawonongeka. Kwathu kuno, ndani angaloze molimba mtima pamene pali ma listing a chaka chatha?

AICA, ya pulogalamu yongozungulira osamaliza, tinangoidutsa. Chimene chinatigwira nthawi ndi storage violation, pamene pulogalamu yalemba pa memory imene si yake. CICS imaika chizindikiro cha mabaiti 8 kumayambiriro ndi kumapeto kwa malo amene yabwereka ntchito, ndipo kawirikawiri imachiyang'ana pokhapokha malowo akamabwezedwa. Choncho uthenga wa DFHSM0102 umafika mochedwa, wowononga atapita kale. Wopezeka ndi chikopa apa si amene anaba mbuzi ayi. Mapazi a wakubayo ali mu trace table, kaundula wa zimene CICS yakhala ikuchita, koma iyo ikadzaza imalemba pamwamba pa zakale. Pa region yotanganidwa ngati yathu, ikakhala yaing'ono mapaziwo amafufutika dump isanatengedwe n'komwe.

Mayi wina wa m'gulu lina anatikumbutsa chinthu chimene sindinachiganizirepo. Mu dump mumakhala zonse zimene zinali mu memory nthawi imeneyo: mayina a makasitomala, manambala a maakaunti, ndalama zawo. Ife timatumizirana tizidutswa ta dump pa imelo ngati moni. Tisiye zimenezo lero lomwe.

Ndikupempha gulu livomereze kuti dump isamafufutidwe munthu asanaiwerenge ndi kulembapo zimene wapeza, ndiponso kuti listing izisungidwa nthawi iliyonse pulogalamu ikalowa mu production, ndiko kuti ikayamba kugwira ntchito yeniyeni. Za kukulitsa trace table tikambirane ndi a system programming, poti zimadya memory ndipo ndi iwo akudziwa malo amene tili nawo.

Lachinayi masana ndibwera ndi dump ya ASRA ya mwezi watha ija, imene inatigoneka muofesi. Mwamwayi ikadalipo. Amene muli ndi listing yake munditumizire lisanafike Lachitatu, tidzaiwerenge limodzi.