Dzanja likayamba kunjenjemera, dokotala wa mano asiye zitsulo

A Mkonzi,

Ndikulemba tsaya lili lotupa, choncho mawu akalimba mundikhululukire. Sabata yatha ndinapita kukazulitsa dzino limene linkandisowetsa tulo. Adokotala anga, amene zaka 70 anazidutsa kalekale, anandibaya jakisoni wa dzanzi kawiri chifukwa woyamba anaphonya. Ndinaona ndi maso anga singano ikugwedera pamwamba pa mphuno yanga, koma munthu utayasamula, thonje lili m'kamwa, unganene chiyani? Anazula. Madzulo dzanzi litatha ndinapititsa lilime pamalopo. Bowo lilipo ndithu, koma dzino lobooka lija lili nji pambali pake, likubaya monga kale. Anachotsa labwinobwino!

Munthu wamkulu amakhala ndi mano 32 basi, ndipo limodzi likachoka silimeranso. Kapena adokotalawa anaona kuti anga andichulukira, nati andichepetsere katundu. Zikomo kwambiri, bambo.

Nditabwerera anapepesa, ndipo manyazi anawagwira zedi. Ndinawafunsa mwaulemu kuti bwanji osapuma. Yankho lawo simulipeza lachilendo. Munthu wodzilemba yekha ntchito alibe abwana omusungira penshoni. Mpando wa odwala uja ndi makina a X-ray anagula pa ngongole, ndipo ankayembekeza kuti akadzakalamba adzagulitsa chipatalacho n'kudyera momwemo, koma achinyamata otuluka kumene kusukulu ali ndi ngongole zawo, wogula sakuoneka. Anawonjeza kuti kunyumba angakafe ndi kusungulumwa, poti odwala ena anayamba kuwathandiza ali ana, lero akubwera ndi ana awo.

Zonsezi ndikuzimva, sindine wouma mtima. Ndikudziwanso kuti madokotala a mano ndi ochepa. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linanena mu 2022 kuti anthu pafupifupi 3.5 biliyoni padziko lonse ali ndi matenda a m'kamwa, ndiye aliyense wodziwa kugwira chitsulo amafunika. Koma ngongole yawo ndiilipire ine ndi dzino langa? Kusungulumwa kwawo kuthere m'kamwa mwanga?

Ntchito imeneyi ndi ya maso ndi dzanja. Munthu akangopitirira zaka 40 maso amayamba kulephera kuona zapafupi, ndipo dokotala wa mano amagwira ntchito m'malo opanikiza, kwina akuona kudzera pa kagalasi kakang'ono, atawerama tsiku lonse mpaka khosi ndi msana kuuma. Magalasi okulitsa zinthu amathandiza maso, koma sangaimitse chala chimene chayamba kunjenjemera. Oyendetsa ndege zonyamula anthu kupita mayiko ena amasiya akafika zaka 65, malinga ndi malamulo a bungwe loona za maulendo a ndege padziko lonse la ICAO, ndipo asanafike pamenepo amapimidwa thupi pafupipafupi. Nanga wolowetsa chobowolera pafupi ndi lilime langa ampima ndani?

Apa ndiye ndikuloza chala mabungwe opereka ziphaso. Akuoneka kuti amakhutira munthu akalipira ya chiphaso n'kusonyeza mapepala oti anapita ku maphunziro. Pepala silinjenjemera! Ndipo matendawa sali kwa a mano okha. Paliponse pamene munthu wakhalitsa pampando, anzake amaopa kumuuza zoona, amangonong'onezana kuseri, wovutika n'kukhala ife amene timalipira.

Sindikuti okalamba onse athamangitsidwe, ena dzanja lawo likadali lokhazikika kuposa la anyamata. Koma akafika zaka 65 azipimidwa maso ndi manja chaka chilichonse. Wolephera atenge dokotala wachinyamata azigwira naye, iye aziunika odwala, kuwerenga zithunzi za X-ray ndi kuphunzitsa, zozula ndi zobowola asiyire mnzakeyo. Akuluakulu a zaumoyo achitepo kanthu msanga.

Adokotala aja akuti ndipite Lachiwiri akazule dzino lenilenilo mwaulere. Sindinawayankhebe.

Wanu wotupa tsaya,
Mwini mano 31