Kalata yochokera ku Joni

Aise,

Kalata yako ndailandira Lachiwiri, ndipo ndinaseka mpaka mnzanga wogona naye chipinda kundiyang'ana ngati ndapenga. Ati amalume akuuza mudzi wonse kuti ndinabwera ku Johannesburg kudzaphunzira kugwira anthu ootcha makala? Kawauze kuti mtima m'malo, njinga yawo ndi matumba ake sindidzalanda. Koma ndikuwadziwa, nkhaniyi yafika kale kwa abusa. Pofika Khirisimasi ndidzakhala nditasanduka bwana wa nkhalango zonse, wayunifolomu ndi mfuti yomwe, ndipo azakhali adzabisa mbaula pansi pa bedi ndikamafika.

Chikhalirecho mtengo sindinadzaleko ngakhale umodzi. Maphunziro a zachilengedwe ndi chemistry, geology, ndi statistics amene akundizunguza mutu usiku uliwonse.

Sabata yatha tinapita cha ku Krugersdorp kukatunga madzi otuluka m'migodi yakale. Madzi ake ndi ofiirira ngati dzimbiri la pa malata, m'mphepete mwake simulira ngakhale chule. Mwala womwe ankakumbamo golide uli ndi timiyala tonyezimira totchedwa pyrite, ndiye ukakumana ndi mpweya ndi madzi umatulutsa asidi. Migodi itatsekedwa anazimitsa mapampu, madzi nkumakwera pang'onopang'ono m'maenjemo, mpaka mu 2002 anayamba kusefukira kunja. Golide anamupeza mu 1886, anapita kalekale, koma zotsala zake ndi zimene ine ndimathira m'kabotolo nditavala magolovesi.

Ndili chigwirire kabotoloko ndinakumbuka agogo. Ukukumbuka mmene ankatisimbira za Wenela, nthawi imene ankagwira ntchito m'migodi ya kuno, pakhonde paja, wayilesi yawo ili pamwendo, akutsokomola osalekeza? Ife tinkangodikira kuti amalize tidye mtedza. Milu yachikasu ya mchenga wochokera m'migodi ili pafupi ndi Soweto ija, imene fumbi lake limalowa m'nyumba za anthu mphepo ya August ikayamba, mwina mafosholo angapo pamenepo ndi a iwowo. Anzanga m'basi ankakangana za mamalikisi a lipoti, ine kukamwa kunangoti gwa. Sindinauze aliyense, ndiwe woyamba.

Tizisiye zimenezo. Kuno kukuzizira koopsa, madzi a pampopi m'mawa amachita kuluma zala, ndipo jekete ndinabwereka kwa iwe lija lang'ambika mkhwapa. Usafunse. Ufa wa kuno nsima yake imakhala ngati ya mgaiwa wosapereka ulemu, ndiye basi ikamabwera ku Park Station unditumizireko ufa woyera ndi usipa pang'ono, osati wamchenga ngati wa ulendo watha.

Zoti mlongo wako wakwatiwa ndamva, mafuno abwino. Za mayeso ndakhoza onse kupatula amodzi.

Koma za agogo zija, kodi chikwama chawo chachitsulo chikadalipo kwa amayi? Munali kachiphaso kolembedwa dzina la mgodi, ndimafuna ndidziwe ngati ndi komwe tinapitako kapena... iii, magetsi athima, ndipo lipoti lija likufunika mawa 8 koloko