Za nyali za pabwalo panu

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana ku Zomba kumeneko. Kuno ku Johannesburg tili moyo, kungoti chisanu chalusa. Zithunzi za nyumba ndaziona, ndipo mwagwira ntchito yotamandika. Koma zija mukuti mumangirira chigetsi chimodzi chachikulu padenga kuti chiwalitse bwalo lonse, chonde yambani mwaima kaye.

Paja ndimasamalira gadeni ya banja lina lochokera ku China, kufupi ndi Cyrildene komwe kuli mashopu ambiri a Atchaina mumsewu wa Derrick Avenue. Agogo aakazi a pakhomopo amatsatira feng shui, nzeru yakale yakwawo ya kaikidwe ka nyumba, njira, mitengo ndi madzi. Iwo amati pali mphamvu ya moyo yotchedwa qi, ndipo imalowa m'nyumba kudzera pakhomo lalikulu. N'chifukwa chake kuwala kwenikweni kuli pakhomopo: nyali ziwiri zofanana, ina mbali iyi ina mbali iyo ya chitseko. Babu likapsa limasinthidwa tsiku lomwelo, salola kuti ligone. Kabwalo ka kutsogolo kwa chitseko amakatcha ming tang, ndipo sipaikidwa wilibala, bini ya zinyalala ngakhale paipi yothirira maluwa.

Kanjira kochokera pageti sikowongoka, kamakhotakhota pakati pa maluwa. Tinyali take ndi tatifupi, tolekeza m'mawondo, toyang'ana pansi, ndipo tinatidzala mosemphanitsa, kena kumanja, kena patsogolo pang'ono kumanzere. Agogowo safuna mzere wa nyali wolunjika pachitseko, ati umenewo ndi muvi wolasa nyumba. Nkhani ya mivi imeneyi Atchaina saitenga mwamasewera. Ku Hong Kong nsanja ya Bank of China itatsegulidwa mu 1990, anthu ambiri anadandaula kuti ngodya zake zakuthwa zikulasa nyumba zoyandikana nazo. Ndipo m'magadeni akale a mumzinda wa Suzhou, amene bungwe la United Nations loona za maphunziro ndi chikhalidwe la UNESCO linawaika m'kaundula wa malo ofunika padziko mu 1997, ngakhale timilatho ta pamadziwe n'tokhotakhota.

Chimene ndikufuna mugwire kwambiri ndi ichi: mdima nawo amausiyira malo. Kuwala amati ndi yang, mdima ndi yin, ndipo chimodzi chikameza chinzake pakhomo sipakhala mtendere. Kuseri, kumene kuli mazenera a zipinda zogona, kulibe nyali yoyaka usiku wonse. Kuli kanyali kamodzi kokha pansi pa mtengo, koyang'ana m'mwamba, moti umangoona thunthu ndi masamba a m'munsi akugwedezeka, kwinako kuli bii. Usiku ndikamakatseka geti ndimayenda bwinobwino osapunthwa, ndikuona chilichonse, maso osathobwa.

Zoti nyali ingakokere munthu chuma kapena mbiri yabwino ine sindizikhulupirira, mumandidziwa. Koma zimene maso anga aona sindingazikane. Chigetsi champhamvu chimathobwa m'maso, ndipo kuseri kwa thanki ndi kwa mpanda chimasiya mthunzi wakuda kwambiri, momwe wakuba angabisale inu osamuona. Komanso kuwala koyera mbee kumaitana tizilombo touluka. Mvula yoyamba ikadzagwa ngumbi zidzadzaza pakhonde, achule adzabwera kudzadya, ndipo kumene kuli achule njoka sizichedwa. Mababu a kuwala kwachikasu pang'ono, olembedwa 2700K pakatoni, saitana tizilombo tambiri chotero. Muonenso kuti nyali zapanja zalembedwa IP65, ndiye kuti fumbi ndi madzi a mvula sizilowa. Zomba ndi kwa mvula, musagule zam'nyumba n'kuziika panja.

Pali nkhani ya mbali zadziko. Pa feng shui kumwera ndi mbali ya moto, yoyenera nyali zowala ndi zofiira, pomwe kumpoto ndi kwa madzi. Zinayamba choncho chifukwa ku China dzuwa limadutsa chakumwera. Kwathu ndi kuno limapendekera kumpoto miyezi yambiri ya pachaka, moti akatswiri awo amatsutsana: ena amati kuno zitembenuzidwe, ena amati zikhale momwemo. Agogowo sanatembenuze. Inu zimenezi zisakutayitseni tulo, koma mapanelo a sola okha ayang'ane kumpoto, ndipo asakhale pamthunzi wa mtengo wa mango uja, apo ayi pofika pakati pa usiku nyali zidzakhala zitazima.

Ndiye nyumba ikanakhala yanga ndikanatere: nyali ziwiri pakhomo lalikulu, tinyali ta sola m'kanjira ka kugeti ndi ka kukhitchini yapanja, ndipo chigetsi chijacho, ngati mwagula kale, chiikeni kuseri ndi sensa yoti chiziyaka pokhapokha munthu akadutsa. Chiweramitseni pansi kuti chisamalowe m'mazenera a anansi, anthu azigona.

Mundijambulire bwalo kuchokera pageti dzuwa litangolowa, munditumizire pa WhatsApp, ndidzakulozerani poika nyali iliyonse. Mupereke moni kwa amayi ndi onse kumudzi, muwauze kuti pa Khirisimasi ndikubwera Mulungu akalola.

Ndine,
Mnzanu wa ku Joni