Akatswiri a pulani ya Mzuzu ayambe afika ku Masasa

A Mkonzi,

Ndiloleni ndinenepo pa nkhani yolemba akatswiri oti athandize kukonza pulani ya kakulidwe ka mzinda wathu wa Mzuzu. Ganizoli ndikugwirizana nalo. Kalembera wa 2018 anapeza kuti tilipo oposa 220,000, ndipo nyumba zikungomera m'madambo ndi m'mbali mwa zitunda, kopanda ngalande.

Koma chonde, akatswiriwo asadzangokhala m'mahotela n'kumajambula mapu pa kompyuta. Adzayende wapansi ku Masasa, Chibavi ndi Ching'ambo mvula ya mu Epulo ili mkati, aone madzi akulowa m'nyumba monga zinachitikira mu 2016. Adzakambe ndi mafumu, amayi a mumsika ndi anyamata a kabaza.

Pa yunivesite ya Mzuzu (Mzuni) pompa pali ana athu ophunzira za malo ndi mapulani a mizinda. Adzagwire nawo ntchitoyi, luso litsale konkuno.

Wokhudzidwa,
Chiputula, Mzuzu