Nkhalamba zoiwalaiwala tizipita nazo kuti ife akumudzi?

A Mkonzi,

Ndipatseniko kadanga ndinenepo za amayi anga. Ndikudziwa sindili ndekha, m'midzi ya kuno ku Ntcheu ndi kwa anzathu ku Dedza alipo ambiri akusunga nkhalamba zotere koma angoti zii, ena manyazi ena mantha.

Amayi zinawayamba pang'onopang'ono zaka zinayi zapitazo. Kuiwala pomwe aika mpeni, kuthira mchere kawiri mu ndiwo, ife nkumangoseka kuti aaa ukalamba wafika basi. Kenako anayamba kubisa ndalama mu thumba la ufa mawa lake nkumalalata kuti mdzukulu wawo waba, mwana mpaka analandira mikwapulo asanalakwe. Pano sandidziwanso. Ine amene ndimawasambitsa m'mawa uliwonse amandifunsa mwaulemu wonse kuti "kodi mayi inu kwanu nkuti?" Dzuwa likamapendeka nde pamakhala ntchito, amamanga kamtolo, chitenje chimodzi, kapu ya pulasitiki ndi chipande, ati akupita kwawo amayi awo akuwadikira. Agogo athuwo anamwalira ine ndisanabadwe nkomwe.

Mu June chaka chatha, kuzizira kwa kuno mukukudziwa, anatuluka usiku tonse tili mtulo. Anapezeka mbandakucha midzi itatu kuchokera kwathu chakufupi ndi msewu wa M1, atakhala pakhonde la eni ake, chitenje atataya kaya kuti. Mmene ndimafika pa kabaza anthu anali atadzaza kale, ena miyala kumanja, ati mfiti yagwa pa lichero ndege yathera mafuta m'malere. Mnyamata wina akujambula pa foni nkumawafunsa, "Agogo mumauluka eti?" Iwo "eya." "Mwadyapo anthu angati?" Iwo "ambiri." Anthu nkukuwa kuti yaulula! Abale, amayi pano olo muwafunse kuti kodi ndinu a DC avomera, amangoyankha kuti musiye kuwazunguza. Anawapulumutsa ndi mayi wina wogulitsa kachewere pa Lizulu amene anawazindikira, anamasula chitenje chake nkuwafunditsa, nkutuma mwana kukaitana a nyakwawa. Akanachedwa mayi ameneyo bwenzi tikukamba zina, ngati zija za ku Neno mu January 2016 pomwe nkhalamba zinayi zinaphedwa ati ndizo zinatumiza mphenzi imene inapha mtsikana. Chonsecho lamulo la 1911 lilipo ndithu, kunenera munthu ufiti ndi mlandu.

Zitachitika izi mpamene ndinapita nawo kuchipatala, ndipo ndithokoze adokotala amene anatipatsa nthawi. Anayeza BP, shuga, HIV ndi zina za m'magazi, ati chifukwa kusokonekera mutu kwina kumabwera ndi matenda ochizika ndiye si bwino kungothamangira kuti ndi ukalamba. Pamapeto anatiuza dzina, dimenshiya. Ubongo ukuwonongeka pang'onopang'ono, mtundu wofala kwambiri ndi umene amati Alzheimer, wina umabwera chifukwa cha sitiroko ndi BP yosasamalidwa. Mankhwala ochiziratu kulibe olo kwa azungu. A bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO amati anthu oposa 55 miliyoni padziko ali ndi vutoli ndipo ambiri mwa iwo ali m'mayiko osalemera ngati lathu lino, nde zoti ndi matenda a azungu tiiwale. Ine ndinatuluka mu ofesi muja mtima utapepukako, sikuti achira ayi, koma ndinali ndi dzina loti ndikauze anthu.

Achimwene anga ali ku Joni. Atamva anati "mlongo, apezereni home, ndalama ndizitumiza," kutanthauza nyumba yosungirako nkhalamba, nkunditumizira pa WhatsApp zithunzi za malo amene ku America amati memory care. Ndinaonera mpaka bando kutha. Nyumba zokhala okhaokha oiwalaiwala, mageti okhoma kuti asasochere, bwalo loti aziyenda mozungulira nkubwerera pomwe anayambira, antchito ophunzira usana ndi usiku, pachitseko cha chipinda chithunzi cha mwini wake kuti asalowe mwa mnzake. Zabwino zedi. Koma mtengo wake ndi madola masauzande pamwezi, ndipo konkonso amene amakhala kumadera akumidzi amadandaula kuti malo otere ali kutali m'matauni. Nanga ife a pa Lizulu?

Ndinafunsafunsa ndithu, kutchalitchi, kwa alangizi a zaumoyo, kwa anzanga a ku Dedza boma mpaka kwa msuweni wanga ku Bembeke, malo otere sindinawapeze. Aliyense amangoti "pitani nawo ku Zomba." Inde ku Zomba kuli chipatala chachikulu cha boma cha matenda a m'mutu, a St John of God nawonso ali ku Lilongwe ndi ku Mzuzu, koma kumeneko nkokalandira thandizo nkubwerako, sikokasiya kholo lako kuti likathere moyo konko. Ndipo thiransipoti ya anthu awiri pa minibasi, ndi munthu woti pa siteji iliyonse akufuna kutsika, yesani mudzandiuze.

Tsono ndanena kwa achimwene ndipo ndibwereza pano, olo home itamangidwa mawa ku Lilongwe ine amayi sindingakawasiyeko. Zimene zatsala m'mutu mwawo zili pakhomo pano. Mtondo wawo amaudziwa, mtengo wa pichesi kuseri amaudziwa. Apatseni lichero la nyemba kuti asankhe, amakhala phee maola awiri osataya ndi imodzi yomwe, kamwala kalikonse kuchotsa, nyimbo za kutchalitchi akuimba mavesi onse osaphonya pomwe dzina langa linawathawa kalekale. Mukawachotsa pamenepa mwawamaliza.

Chimene ndikusowa ine si home. Ndikusowa maola asanu patsiku. Geni yanga ya tomato ndinasiya, kumaliro ndimangoonekera nkuthawa anthu nkumati ndine wonyada, ndipo ndiulule pano ngakhale zikundichititsa manyazi, nthawi yothirira kudimba ndimawatsekera m'nyumba ndi loko. Ndikamatunga madzi mtima uli phaphapha, ndikuganiza za machesi, kodi ndinabisa? Tsiku lina ndinawapeza akulira kuseri kwa chitseko ngati mwana, ati awamanga apolisi. Bambo a kunyumba ndi munthu woleza mtima koma nawonso ndikuona atopa.

Nde funso langa kwa a khonsolo, mipingo ndi mafumu athu ndi ili. Ana tinawapangira sukulu za mkombaphala m'midzi yambiri, amayi odzipereka amaphika phala ana nkumasewera makolo ali kumunda. Nthawi imene Edzi inavuta tinali ndi magulu oyendera odwala m'makomo, anthu wamba ophunzitsidwa masiku ochepa, ndipo anagwira ntchito tonse tinaona. Chikuletsa nchiyani kupanga zomwezo kwa agogo? Chipinda cha tchalitchi chimangokhala chotseka Lolemba mpaka Lachisanu. Mphasa, phala, kampanda kabango, amayi atatu osinthana amene awuzidwa kuti munthu wotere sumakangana naye, akati akupita kwa amayi ake umangoti "tipita limodzi, tiyambe tamwa tiyi." Olo katatu pa sabata. Ine ndikhoza kuperekako chigoba cha chimanga ndi tsiku langa limodzi, ndalama za achimwene za home zija zigule shuga ndi sopo.

Aphungu anavomereza lamulo loteteza achikulire mu 2024, tinamva pa wailesi, ife tikudikira kuti litsike pa M1 lilowe m'midzi. Poyambira posalira ndalama mpoti alangizi a zaumoyo akamalemba ana a sikelo azilembanso nkhalamba zosochera, ndipo a nyakwawa azilengeza pamaliro, paja mpamene pamakhala mudzi wonse, kuti gogo wakuti akudwala, mukamuona usiku mubwezeni kwawo.

Pakadali pano ndasokerera kansalu kolemba nambala yanga ya foni kukhosi kwa malaya awo onse ndi juzi yomwe. Anthu a Lizulu, Mlangeni mpaka Biriwiri, mukakumana ndi gogo wamfupi atanyamula kamtolo ndi chipande musavutike kumufunsa kwawo, akuuzani mudzi umene kulibenso. Mukhazikeni pansi, pindani kolala muimbe, olo kufulasha kokha ndiimbanso ineyo.

Mayi wodandaula,
Lizulu, Ntcheu