Miyala ya m'thanki ya makorali iyalidwe poganizira madzi ndi zamoyo

A Mkonzi,

Ndikupempha danga m'nyuzipepala yanu kuti ndilankhule ndi anthu amene akusunga, kapena akufuna kuyamba kusunga, nsomba ndi makorali a m'nyanja ya mchere m'mathanki agalasi. Makorali ndi tizamoyo tokhala m'magulu tomatirira pa miyala, ndipo ambiri amamanga matanthwe pansi pa nyanja. Zokambirana zambiri za ntchito imeneyi zimathera pa nyale, mapampu, mchere ndi mitundu ya nsomba, pamene kayalidwe ka miyala kamatengedwa ngati kukongoletsa chabe, komwe munthu angathane nako madzulo amodzi. Ine ndikuona mosiyana. Pa zonse zimene munthu amasankha poyambitsa thanki, kayalidwe ka miyala ndi kamene kamavuta kwambiri kukonza m'tsogolo, chifukwa nyale ikhoza kusinthidwa tsiku lililonse ndipo pampu ikhoza kusunthidwa, koma makorali akakula n'kulumikiza mwala ndi unzake, kugumula chimene munamanga ndi kuthyola zamoyo zimene zatenga zaka kuti zifike pamenepo.

Miyala imeneyi ili ndi ntchito. Yambiri ndi zotsalira za makorali akalekale, zopangidwa ndi calcium carbonate, ndipo ili ndi timabowo tosawerengeka momwe mumakhala mabakiteriya. Mabakiteriya a pamwamba pa mwala, pomwe madzi ali ndi okosijeni wambiri, amasandutsa ammonia wochokera m'zonyansa za nsomba kukhala nitrite, kenaka nitrate, ndipo a m'kati mwenimweni, momwe okosijeni ndi wochepa, amasandutsa gawo lina la nitrate kukhala mpweya wa nitrogen womwe umatuluka m'madzi. Lee Chin Eng wa ku Indonesia analemba za kusunga zamoyo za m'nyanja modalira miyala yamoyo yotere m'chaka cha 1961, ndipo m'zaka za m'ma 1970 osunga makorali a ku Berlin anakhazikitsa njira yophatikiza miyalayi ndi nyale zamphamvu komanso makina ochotsa zonyansa ndi thovu. Popeza mwala ndiye unali sefa yaikulu, panabadwa langizo loti munthu aike pafupifupi kilogalamu imodzi ya miyala pa malita 8 alionse a madzi, ena mpaka kuwirikiza kawiri. Langizoli linali ndi chifukwa chake pa nthawiyo, koma linabala chizolowezi chimene chikuvutitsabe mathanki ambiri mpaka lero: kuunjika miyala yonse motsamira galasi lakumbuyo, kuchokera kumanzere kufika kumanja, mpaka kukhala chipupa.

Chipupa chotere chimatseka njira ya madzi, ndipo m'thanki ya makorali madzi oyenda ndiwo moyo. Makorali sachoka pamalo kukafuna chakudya; madzi ndiwo amawabweretsera chakudya ndi okosijeni, ndipo madzi omwewo ndiwo amawachotsera zonyansa ndi mamina amene amatulutsa. N'chifukwa chake osunga makorali olimba anthambi, monga Acropora, amaika mapampu oyendetsa madzi onse a m'thanki maulendo 20 mpaka 50 pa ola limodzi. Koma mphamvu yonseyo imapita pachabe ngati madzi akungogunda chipupa n'kubwerera. Kuseri kwake kumakhala bata, ndipo kumeneko ndi kumene kumakadikha ndowe za nsomba, zakudya zotsala ndi tizidutswa ta zomera zakufa. Palibe dzanja limene lingafikeko, palibenso paipi yoyamwira imene ingalowe. Zinthuzo zimawola pang'onopang'ono, nitrate ndi phosphate zimakwera, ndipo patapita miyezi ndere zaubweya zimayamba kuphimba miyala, mchenga n'kufunda chinsalu chofiirira cha mabakiteriya otchedwa cyanobacteria. Mwini thanki amathamangira kugula mankhwala kapena makina ena, osazindikira kuti gwero la vutolo ndi mmene anaunjikira miyala pa tsiku loyamba. Zimandimvetsa chisoni kuona munthu wakhama akutaya mtima n'kusiya ntchito yonse pa chifukwa chimene chikanapeweka popanda kuwononga kanthu.

Phunziro lalikulu kwa ine ndi lakuti miyala ichepe ndipo madzi apatsidwe njira mbali zonse. Milu iwiri kapena itatu yoima payokha, yosiyana kutalika ndi kukula, yokhala ndi mapanga ndi mipata yoonekera tsidya lina, imagwira ntchito bwino kuposa chipupa cholemera kuiposa kawiri. Mwala uzikhudza pansi pa malo ochepa okha, kuti madzi azidutsa kunsi kwake n'kumakokolola zonyansa kupita nazo ku sefa. Amene akuopa kuti mabakiteriya achepa akhoza kuika miyala yotsalayo m'thanki yaing'ono yapansi, momwe mumakhala makina, pakuti mabakiteriya sasowa kuonedwa kuti agwire ntchito. Pakati pa mwala ndi galasi lililonse pasiyidwe mpata woti dzanja ndi chopalira ndere zidutse momasuka, chifukwa malo amene chopalira sichifika amachita chikhungu chomwe sichidzachokanso.

Palinso chinthu chimene maso amatinamiza nacho. Madzi amapinda kuwala, kotero thanki ya masentimita 60 kuchokera kutsogolo kufika kumbuyo imaoneka ngati ya masentimita 45 okha ikadzazidwa. Miyala imene inkaoneka yotalikirana bwino thanki ili youma imaoneka yothithikana madzi akalowa. Choncho mipata ya kutsogolo ndi kumbuyo iyenera kukhala yaikulu kuposa mmene diso likufunira pa nthawi yomanga, ndipo kanjira ka mchenga kolowera chakumbuyo mopingasa, kamene kakunka kachepa, kamabwezeretsa kuya kumene madzi abisa. Mulu waukulu usakhale pakatikati penipeni, ndipo milu iwiri isafanane ngati mapasa, chifukwa matanthwe a m'nyanja sakula mwa muyeso wotero.

Nkhani imene ndikufuna kukhalitsapo ndi ya malo okulira. Thanki yatsopano yoyalidwa bwino imaoneka ngati yosatha, ndipo anthu ambiri sapirira maonekedwe amenewo. Amawonjezera mwala pamwamba pa mwala mpaka nsonga itatsala pang'ono kutuluka m'madzi. Amaiwala kuti chimene chidzadzaze thankiyo ndi makorali, ndipo mwala ndi maziko chabe. Wobzala mitengo amasiya mipata poganizira nthambi zimene zisanaphuke, ndipo womanga miyala ayenera kuganiza chimodzimodzi. Kanthambi ka Acropora kotalika ngati chala, kakapeza kuwala ndi madzi abwino, kamawonjezera masentimita angapo chaka chilichonse mpaka kusanduka chitsamba chotambalala. Ngati mwala wafika kale pafupi ndi pamwamba pa madzi, nthambizo zilibe kopita. Zimaphwatalala, zimatchinga kuwala kwa zonse zapansi, ndipo zimatsekanso madzi amene munavutikira kuwatsegulira njira. Ine ndimalangiza kuti nsonga yaitali kwambiri isapitirire magawo awiri mwa atatu a kuya kwa madzi, ndipo miyala yambiri ithere chapakati.

Kutalika kwa mwala ndi kumenenso kumagawa kuwala. Makorali ambiri amadalira tindere ting'onoting'ono totchedwa zooxanthellae, tokhala m'minofu yawo, timene timapanga chakudya kuchokera ku kuwala, koma mitundu ya makorali imasiyana pa mlingo wa kuwala umene imafuna. Acropora amafuna pamwamba powala kwambiri, Euphyllia amakondwa chapakati pomwe madzi sawomba mwankhanza, ndipo makorali ofewa ooneka ngati bowa amakhala bwino pansi ndi m'mithunzi. Choncho pomanga pafunika timasitepe ndi malo athyathyathya pa misinkhu yosiyanasiyana, pomwe tizidutswa ta makorali tingamatidwe popanda kugwa. Mwala wosongoka wokongola umene ulibe pokhazika kanthu ndi wokongola kwa mwezi umodzi wokha. Tisaiwalenso kuti makorali amamenyana. Galaxea ndi Euphyllia amatulutsa timikono tatitali toluma, makamaka usiku, timene timawotcha mnansi aliyense amene ali pafupi, ndipo mitundu yofewa monga Xenia ndi ija yobiriwira yotchedwa green star polyps imayanga pa mwala uliwonse umene yaukhudza mpaka kukwirira zinzake. Mitundu yoyanga yotereyi ipatsidwe kamwala kakekake pakati pa mchenga, kosakhudzana ndi mulu waukulu. Ichi chokha n'chifukwa chokwanira chomangira milu yosiyana m'malo mwa chipupa chimodzi.

Za kulimba kwa chomangacho sindichulukitsa mawu, koma n'zosanyengerera. Miyala ikhazikike pa galasi lapansi, kapena pa kapulasitiki kolimba koyalidwa pagalasipo, mchenga n'kuthiridwa pambuyo pake. Mwala woikidwa pamwamba pa mchenga umadikira tsiku limene nsomba zokumba monga goby ndi jawfish, kapena kanyama kotchedwa pistol shrimp, zidzafukule pansi pake, ndipo mulu ukagwa umaphwanya makorali, umapha nsomba, mwinanso kuswa galasi lomwe likusunga malita mazanamazana. Nkhono zikuluzikulu ndi nyama zaminga zotchedwa sea urchin nazonso zimakankha mwala uliwonse wosamatidwa. Mwala umapepuka ukalowa m'madzi, kotero kulemera kwake kokha sikungadaliridwe. Pomata pagwiritsidwe ntchito guluu wa cyanoacrylate, phula la epoxy lopangidwira m'madzi, simenti yoyenera, kapena timitengo ta acrylic tolowetsedwa m'mabowo oboola. Chitsulo chisalowemo konse, makamaka kopa, chifukwa ngakhale wochepa kwambiri amapha makorali ndi nyama zina zopanda msana. Njira yabwino ndi kujambula kukula kwa thanki pa katoni, kumangira pamenepo miyala ili youma, kuiyang'ana kuchokera mbali zonse kwa masiku angapo, kenaka n'kumata. Koma musamate zonse kukhala chinthu chimodzi. Mangani zigawo zimene munthu mmodzi angathe kunyamula, chifukwa tsiku lidzafika lofuna kugwira nsomba yodwala kapena yovutitsa zinzake, ndipo nsomba imene yalowa m'phanga losatheka kusuntha siigwidwa.

Nsombazo nazo zili ndi zofuna zake pa miyala. Zambiri mwa nsomba za m'matanthwe zimagona m'ming'alu, ndipo iliyonse imafuna pobisala pakepake. Zikasowa, zimalimbirana, ndipo yofooka imakhala mwamantha, imasiya kudya n'kugwidwa ndi matenda. Mulu umene ukutchinga maso pakati pa mbali ziwiri za thanki umachepetsa ndewu, chifukwa nsomba yolusa sithamangitsa imene sikuiona. Komanso nsomba zosambira kwambiri monga tang zimafuna bwalo lotseguka ndi njira yozungulira miyala popanda kutembenukira pakona. Ndaona kuti nsomba zimene zikudziwa kuti pobisala pali pafupi ndi zimene zimayenda poyera molimba mtima.

Funso la mtundu wa mwala lasintha kwambiri m'zaka zapitazi. Kale miyala yamoyo inkathyoledwa m'nyanja n'kutumizidwa kutali, koma ku Florida kukolola miyala yachilengedwe kunaletsedwa m'zaka za m'ma 1990, ndipo kumapeto kwa chaka cha 2017 boma la Fiji, dziko limene linkatumiza yambiri, linalengeza chiletso chake. Malonda a makorali olimba amayang'aniridwanso ndi pangano la maiko la CITES, loteteza zamoyo kuti zisathe chifukwa cha malonda. Ine ndikugwirizana ndi kuteteza matanthwe kotereku, chifukwa n'kupanda nzeru kugumula nyumba ya zamoyo m'nyanja pofuna kumanga chifaniziro chake m'galasi. Lero pali miyala yokumbidwa kumtunda, yopangidwa m'mafakitale, ndi ina yoikidwa dala pansi pa nyanja kwa zaka kuti zamoyo zimerepo. Mwala wouma, monga wokumbidwa kumtunda kapena wa m'fakitale, uli ndi ubwino woti mukhoza kuuswa, kuuboola ndi kuumata mosathamanga, ndipo subwera ndi alendo osafunika monga tizamoyo toluma makorali totchedwa Aiptasia, kanyama kolusa kotchedwa mantis shrimp kapena ndere za Bryopsis. Kuipa kwake n'kwakuti umayamba wopanda moyo. Mabakiteriya osefa amatenga milungu 4 mpaka 6 kuti akhazikike, koma kukhwima kwenikweni kumatenga miyezi yambiri, ndipo pa nthawiyo mwala woyera umadetsedwa ndi ndere zofiirira ndi zobiriwira ndere zolimba zapepo zisanafalikire. Mwala wina wouma umatulutsanso phosphate, choncho ndi bwino kuunyika m'madzi kwa milungu ingapo ndi kuyeza madziwo usanalowe m'thanki. Kuphatikizapo zidutswa zochepa za mwala wamoyo wochokera m'thanki yathanzi kumafulumizitsa zinthu. Pa nyengo yonyansayi m'pamene ambiri amayesedwa kugumula n'kuyambanso, pamene chofunika n'kusiya miyala pamalo pake, chifukwa kuisuntha kumatembenuzira kumdima mbali zimene zinayamba kuzolowera kuwala, ndiponso kumavundula zonyansa zonse zimene zinadikha.

Pomaliza ndikupempha, a Mkonzi, kuti chenjezo ili lisadulidwe ngakhale danga litachepa. Makorali ena ofewa a mtundu wa Palythoa ndi abale awo ali ndi poizoni wotchedwa palytoxin, mmodzi mwa oopsa kwambiri amene amapezeka m'chilengedwe, ndipo akhoza kumera pa mwala mwini wake osadziwa. Anthu m'maiko osiyanasiyana agonekedwapo m'zipatala, nthawi zina banja lonse, atapuma nthunzi kapena timadontho tochokera pa miyala yotere pamene wina ankaitsuka. Mwala wochokera m'thanki usawiritsidwe, usathiridwe madzi otentha, ndipo usakwechedwe ndi burashi pouma. Pougwira valani magolovesi ndi magalasi oteteza maso, gwirirani ntchito pamalo opita mphepo, ndipo sambani m'manja bwinobwino mukamaliza. Wina akayamba kubanika, kutsokomola, kutentha thupi kapena kumva kukoma kwa chitsulo m'kamwa atagwira miyala yotere, apite kuchipatala nthawi yomweyo ndipo akawauze madokotala kuti anagwira makorali.

Ndine wanu,
Wowerenga amene amasunga makorali