Pa tsiku la ufulu tiziwerengako zomwe analonjeza

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo za tsiku lokumbukira ufulu wodzilamulira. Dziko lililonse ndi zomwezo basi, mbendera, perete wa asilikali, masipichi ataliatali kenako aliyense kwawo, koma ndi angati amakhala pansi nkuwerenga zomwe oyambitsa dzikolo analonjeza?

Taonani America. Pa 4 July 1776 analengeza kuti anthu onse analengedwa ofanana, chonsecho Thomas Jefferson yemwe analemba mawuwo anali ndi akapolo mazanamazana. Ukapolo unadzatha mu 1865, ufulu wa amayi wovota dziko lonse mpaka 1920, tangoganizani. Ena amati ndiye kuti mawuwo anali bodza lamkunkhuniza, ine ndimakana, chifukwa mu 1963 Martin Luther King Jr, womenyera ufulu wa anthu akuda, anatenga mawu omwewo nkuwakumbutsa akuluakulu ku Washington kuti ngongole ija simunabweze, ndipo analibe pothawira poti anasaina ndi makolo awo omwe.

Ghana nayo inalandira ufulu mu 1957 ndi chisangalalo chosaneneka, pofika 1964 Kwame Nkrumah yemweyo amene anatsogolera dzikolo ku ufulu wakhazikitsa chipani chimodzi. Zimawawatu izi, munthu wakumasula dzulo lero akukutseka pakamwa.

Ndiye pempho langa ndi laling'ono. Tsikuli likamafika, m'malo modzaza tsamba ndi mauthenga a mafuno abwino ochokera kumakampani, tasindikizaniko mawu enieni amene analonjezedwa aja, mbali inayo mulembe zomwe zachitikadi, owerengafe tifananitse tokha.

Wowerenga wanu wa masiku onse